Kumene Mabaibulo Athu Anabadwira

Mseu wocokera ku Chipata kunka ku Lilongwe si wautali. Munthu wolawirira m'mamawa angathe kukadya nsima ya masana ku Lilongwe, malinga ngati pa cipata ca Mwami sipanaculuke magalimoto a katundu. Ambiri a ife tinauyendapo mseu umenewu, ena pokaona abale, ena pa malonda, ena pa maliro. Koma ndi owerengeka amene amadziwa kuti potsata mseu womwewo, ndi kupitirirako pang'ono kuseri kwa Lilongwe, munthu amadutsa m'malo amene Mabaibulo a Cinyanja a m'nyumba zathu anacokera.

Nkhani imeneyi si ya akatswiri okha. M'miphakati yathu funso limabuka kawirikawiri: kodi Baibulo losavuta kumva ndi liti? Wina ali ndi Buku Lopatulika limene anasiya agogo, wina Malembo Oyera, wina Buku Loyera, ndipo pogawana Mau amapeza kuti ndime ndi imodzi koma kanenedwe ndi kosiyana patatu. Baibulo si sopo woti tigule mwezi ndi mwezi. Banja limagula kamodzi, ndipo likagula limene ana salimva, bukulo limakagona m'sutikesi pamodzi ndi makhadi a ubatizo, n'kumatuluka pa tsiku la maliro pokha. Tsono ine ndinanyamuka kukaona kwao kwa mabuku atatuwa, pakuti munthu umam'mvetsa bwino ukaona mudzi umene anakulira.

Ulendo wotere uyenera kuyambira ku Magwero, kunja pang'ono kwa Chipata, ngakhale kuti si mishoni yathu. Amishoni a Dutch Reformed anakhazikika kumeneko m'caka ca 1899, ndipo mpingo umene anabzala ndi umene lero ukuchedwa Reformed Church in Zambia. Ambiri amadziwa Magwero cifukwa ca sukulu za ana osaona ndi osamva. Koma pa nkhani yathuyi cofunika ndi cakuti anzao a amishoniwo anali atayamba kale nchito pakati pa Acewa a ku Nyasaland, ndipo mabuku a sukulu ndi a mapemphero anali a Cinyanja ca kumeneko. Motero Cinyanja ca m'buku cinalowa m'dziko lathu kudzera kum'mawa, ndipo ana a Angoni, a Ansenga ndi a Akunda anaphunzira kuwerenga m'cilankhulo cimene amai ao sanali kulankhula pamtondo. Vuto limeneli tidzakumana nalonso pobwerera.

Pa malire pamasintha ndalama ndi nambala za magalimoto, koma pakamwa pa anthu sipasintha. Kuyambira m'caka ca 2022 maofesi a maiko awiriwa ali pamalo amodzi, ndipo wanjinga wa ku Chipata ndi wakabaza wa ku Mchinji amanenerera mtengo m'mau amodzimodzi. Cimene cinasiyana ndi dzina. M'caka ca 1968 boma la Malawi linati cilankhuloci cidzichedwa Cicewa, pamene ife tinasunga dzina lakale la Cinyanja.

Kufupi ndi malire, m'dera la Mchinji, kuli Kachebere. Ansembe a cipani ca White Fathers anatsegula mishoni imeneyi m'caka ca 1903, ndipo m'caka ca 1939 panayamba seminale yaikulu imene inaphunzitsa ansembe a mbali zonse ziwiri za malire. Ndi malo a bata, a mitengo ikuluikulu, m'tsinde mwa phiri. Munthu akayenda m'makonde ake amakumbukira kuti anyamata a m'midzi yathu ankaloweza Cilatini pano, ndi kuti Misa yonse inkayenda m'Cilatini kufikira nthawi ya Msonkhano Waukulu Waciwiri wa ku Vatican. Sikuti Akatolika a masiku amenewo sanali kudziwa Malembo. Ankawadziwa kudzera m'katekisimu, m'timabuku ta mbiri ya cipulumutso, m'nyimbo ndi m'maulaliki. Komatu Baibulo lathunthu la Cikatolika m'Cinyanja kunalibe kwa zaka zoposa 60 cifikire ansembe oyamba, ndipo akuluakulu athu amakumbukira kuti kugwira Baibulo la mipingo ina sikunali koyamikirika.

Pa Kachebere pomwepa anaphunzitsapo Bambo Patrick Kalilombe, amene m'caka ca 1972 anakhala Episkopi wa Lilongwe. Iwo ndi mmodzi mwa amene analimbikira kwambiri kuti akristu adzikumana m'miphakati. Ndipo mphakati ndiwo unaulula vutolo poyera. M'chalichi Mau amawerengedwa ndi munthu wokonzekera, kenaka wansembe kapena katekisti amawamasulira. Koma pa mphasa, pansi pa mtengo wa mango, wowerenga ndi mai amene analekezera sukulu panjira, ndipo womasulira palibe. Pamenepo buku liyenera kudzilankhulira lokha.

Ndinadutsa Lilongwe osaima, ndi kutenga mseu wa ku Salima, pakuti ndinafuna kuyamba ndi buku lalikulu msinkhu. Mvera ili m'boma la Dowa, m'mapiri, pamene mtunda umayamba kutsetserekera ku nyanja. Amishoni A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok anatsegula mishoniyi m'caka ca 1889. Pafupi pake pali phiri la Kaso, limene anthu a kumeneko amalilozera mlendo ali yense monyadira, cifukwa dzina lake limayendera pamodzi ndi nchito ya Mbusa William Murray yomasulira Baibulo. Sanali yekha. Panali amishoni a ku Scotland a mishoni ya Blantyre, monga Alexander Hetherwick, panalinso aphunzitsi ndi akulu a mpingo, eni ake a cilankhulo, amene ankafunsidwa liu ndi liu. Nchitoyo inayamba ca m'ma 1900, ndipo Baibulo lonse, Buku Lopatulika, linasindikizidwa m'caka ca 1922.

Munthu akaima pa phiri lija n'kuona midzi ili mbwee m'zigwa, amamvetsa kukula kwa cimene anthu aja anayesa kucita. Anafuna buku limodzi loti Mmang'anja wa ku Blantyre ndi Mcewa wa ku Dowa alimve onse, ndiye anatola mau kuno ndi uko, n'kupanga Cinyanja cogwirizanitsa cimene panalibe mudzi ndi umodzi womwe wocilankhula ndendende. Anafunanso kukhala okhulupirika kwa Cihebri ndi Cigriki, ndiye anatsata kayalidwe ka mau a zilankhulo zimenezo phazi ndi phazi. N'cifukwa cake mizere yambiri imayamba ndi liu lakuti "ndipo", ndiponso ziganizo za m'makalata a Paulo Woyera zimatalika mpaka wowerenga kutha mpweya asanafike pamene pali mfundo.

Tisalinyoze buku limeneli. Linaphunzitsa mibadwo kuwerenga, ndipo mau ake analowa m'malankhulidwe athu kotero kuti ngakhale Mkatolika amene sanalitsegulepo amawagwiritsa nchito osadziwa. Mlaliki wa m'basi amene anatiimirira pakati pa Lilongwe ndi Dowa ankanena ndime zake pamtima, ndipo anthu acikulire ankatsatira ndi milomo. Lili ndi ulemerero wake, makamaka pa maliro. Koma cilankhulo ndi mtsinje, siciima. Zaka zoposa 100 zapita, ndipo ena mwa mau amene anasankhidwa pa Kaso anali ndi katundu wao kale. Tengani liu lakuti kacisi. Kwa Mcewa wa kumudzi, kacisi ndi kanyumba kakang'ono ka udzu kothirirako nsembe kwa mizimu, koma m'Buku Lopatulika liu lomwelo likuimira nyumba yaikulu ya miyala ya ku Yerusalemu. Tenganinso cisomo. M'malankhulidwe a makolo, munthu wa cisomo ndi uja amene amakondedwa ndi anthu mosavuta, wa mwai ndi wokopa. Alaliki agwira nchito zaka zambiri kuti liuli lidzitanthauza mphatso ya Mulungu yosaigwirira nchito, ndipo m'chalichi anapambana, koma mwana wowerenga yekha kunyumba sapeza tanthauzo limenelo m'liu lenilenilo. Bukuli linakonzedwanso m'caka ca 2016 kuti kalembedwe kake kafanane ndi ka masiku ano, komabe mafupa ake ndi omwe aja.

Ku Nkhoma, kumene likulu la mishoniyo linasamukira pambuyo pake, ndinangocezako pang'ono. Phiri lake ndi lokongola, nyumba zake za njerwa zofiira n'zakale, ndipo amene ali ndi nthawi apatukireko pa Kamphata.

Kwathu kwenikweni pa ulendowu ndi ku Likuni, kunja pang'ono kwa Lilongwe, mishoni ina ya White Fathers ya m'caka ca 1903. Kuli chalichi, cipatala, sukulu za sekondale za anyamata ndi atsikana, ndiponso dzina la Likuni Press limene ambiri a ife tinaliona kunsi kwa mabuku a mapemphero ndi a nyimbo. Ndi pakati pa ansembe a cipani cimeneci pamene panacokera Malembo Oyera, Baibulo loyamba lathunthu la Cikatolika m'Cinyanja, limene linatuluka m'caka ca 1966. Mtolo waukulu wa nchitoyo anausenza Bambo Louis Villy, wansembe wa ku France.

Malembo Oyera amalankhula monga momwe akatekisti athu akale ankalankhulira. M'menemo Mkatolika amapeza mau a kwao, amene anakula nao m'katekisimu ndi m'mapemphero a m'mawa ndi madzulo. Paja ife tinkati Yezu pamene anzathu ankati Yesu, ife Eklezia iwo mpingo, ife aprofeta iwo aneneri, ife caulere iwo cisomo. Mau ena mwa amenewa ndi obwereka ku Cilatini, ndipo anali ngati mayunifomu: munthu akangotsegula pakamwa, unkadziwa kumene amapemphera. Kwa wacikulire amene anabatizidwa ndi kukwatira ndi mau amenewa, buku ili ndi losavuta, cifukwa khutu lake linazolowera. Kwa mdzukulu wake nkhani ndi ina.

Codabwitsa ndi cakuti pamene Malembo Oyera ankatuluka, mphepo inali itatembenuka kale. Pa 18 November 1965 Msonkhano wa ku Vatican unatulutsa cikalata ca Dei Verbum, cimene cinalamula kuti akristu onse apatsidwe mwai wofika ku Malembo mosavuta, ndipo cinalola kuti Akatolika amasulire Baibulo pamodzi ndi akristu a mipingo ina, akuluakulu a Eklezia akavomereza. M'caka ca 1968 a ku Roma ndi a United Bible Societies anagwirizana pa malangizo a momwe nchito yotere ingayendere. Buku lacitatu linabadwa m'mphepo imeneyo.

Buku Loyera lilibe phiri lake loti mlendo akalione. Linabadwira pa matebulo a misonkhano, m'makalata oyenda pakati pa Malawi ndi Zambia, m'mikangano ya ansembe ndi abusa amene makolo ao m'cikhulupiriro sankapatsana moni. Nchitoyo inatenga zaka zoposa 20. Cipangano Catsopano cinayamba kutuluka pacokha, ndipo Baibulo lonse linatuluka m'caka ca 1998. Dzina lake lomwe likuonetsa kugawana kwa pacibale: liu loyamba likukumbutsa Buku Lopatulika, laciwiri likukumbutsa Malembo Oyera. Mutu umodzi susenza denga, koma mitu yambiri imacedwa kugwirizana kumene denga liyang'ane.

Omasulira ake anasintha funso. Akale ankafunsa kuti: liu ili la Cigriki tiliike liu liti la Cinyanja? Awa ankafunsa kuti: Mnyanja akanafuna kunena ganizo limeneli, akanalinena bwanji? Motero ziganizo zazitali anazidula, ndipo pamene liu limodzi silinakwane anaika awiri kapena atatu omveka. Kacisi wa ku Yerusalemu anasanduka Nyumba ya Mulungu. Pamene ena anati cisomo ndi ena caulere, iwo kawirikawiri anati kukoma mtima kwa Mulungu. Alipo amene amadandaula kuti potero mau ozama anasungunuka, ndipo dandaulo lao lili ndi mbali yoona: liu limodzi lolemera limasungika pamtima kuposa mau atatu ofotokoza. Koma ine ndiona kuti mau amene munthu wawamva amam'gwira kuposa mau amene wangowalemekeza.

Dziko lathu lili ndi dzanja lake m'buku limeneli. Mmodzi mwa alangizi a nchitoyo anali Dr Ernst Wendland, amene anayamba kuphunzitsa pa seminale ya Lutheran mu Lusaka m'caka ca 1968. Pa maphunziro ake apamwamba iye anafufuza nthano za malemu Julius Chongo, uja amene ankasonkhanitsa mabanja pa wailesi ndi pulogalamu ya Poceza m'Madzulo. Acikulire akukumbukira momwe mudzi unkakhalira zii Chongo akayamba kusimba. Phunziro lake kwa omasulira linali loonekeratu: anthu athu ambiri Baibulo amalilandira ndi khutu, osati ndi maso, ndipo Cinyanja cokoma ndi cimene cimatsetsereka pakamwa. Mukawerenga mokweza nkhani za Yosefe kapena za Davide m'Buku Loyera, mudzamva kuti zikuyenda ngati nkhani yosimbidwa pabwalo.

Mkangano waukulu koposa unali pa dzina la Mulungu. M'Cihebri muli dzina la zilembo 4 limene Ayuda, cifukwa ca ulemu, salichula. Buku Lopatulika linalemba kuti Yehova, Malembo Oyera analemba kuti Yahve, ndipo onse awiriwa ndi mau acilendo pa lilime lathu. Buku Loyera linasankha dzina la makolo, Chauta. Kuti mumvetse kulemera kwa cisankho cimeneci, imani pa Likuni n'kuyang'ana ca kumwera cakumadzulo. Mapiri amene mukuwaona cakutaliwo ndi a Dzalanyama. Kumeneko kuli Kaphirintiwa, kumene Acewa amati anthu oyamba anatsikira, ndipo m'dera lomwelo munali kacisi wa ku Msinja, kumene Makewana ankapempha mvula kwa Chauta. Ndi dzina la Mwini mvula, la Mwini uta umene umaoneka kumwamba mvula ikakata. Ena anakana, amvekere dzina la ku kacisi wa mvula silingalowe m'Malembo. Koma nalonso dzina lakuti Mulungu amishoni analipeza kuno, sanabwere nalo pa sitima. Kwa ife Akatolika palinso mfundo ina: m'caka ca 2008 kalata yocokera ku Roma inalangiza kuti dzina la Cihebri lija lisamachulidwe pa Misa, m'nyimbo kapena m'mapemphero, koma tidzinena kuti Ambuye. Tsono amene ali ndi Malembo Oyera adziwe zimenezi akapatsidwa udindo wowerenga pagulu.

Pobwerera ku Chipata munthu amafika m'sitolo ya mabuku ali ndi maso ena. Coyamba kuona si cikuto, koma tsamba la mndandanda wa mabuku. Baibulo la Cikatolika lili ndi mabuku 73, pamene la mipingo ina lili ndi 66. Buku Loyera linasindikizidwa mitundu iwiri, wina wokhala ndi mabuku onse, wina wopanda. Funani maina a Tobiti, Yuditi, Baruki, buku la Nzeru za Solomoni, la Sira ndi mabuku awiri a Amakabeo, pokumbukira kuti maina ena amalembedwa mosiyanako m'Baibulo lililonse. Akasowa, tsiku lina mudzabwera ku Misa mutamva mau okoma, n'kuwafuna kunyumba osawapeza. Onaninso m'masamba oyamba ngati muli cilolezo ca Maepiskopi, pakuti lamulo la Eklezia limafuna cilolezo cotero pa Malembo omasuliridwa. Cenjezo lomwelo likhudza a mafoni. Pa foni pamapezeka Mabaibulo angapo a Cicewa, kuphatikizapo lina lochedwa Mawu a Mulungu mu Chichewa Chalero, la m'caka ca 2016, limene limawerengeka mosavuta ndithu koma lili ndi mabuku 66.

Zikatero, musacite manyazi kuliyesa bukulo pomwepo. Tsegulani kalata ya kwa Aroma, osati Mthenga Wabwino umene mumaudziwa kale pamtima, ndipo werengani ndime zisanu mokweza kwa mwana amene mwabwera naye. Kenaka tsekani buku, mum'funse cimene wamva. Mayeso amenewa saphonya. Ana a sukulu za kuno adzadodoma pang'ono ndi kalembedwe, cifukwa Buku Loyera limatsata malamulo a ku Malawi: pamene ife tilemba c iwo amalemba ch, ndipo nchito yathu kwa iwo ndi ntchito. Koma cimeneci ndi cizolowezi ca sabata imodzi.

Vuto lenileni lili kumadzulo, ndipo ndi lija tinalisiya ku Magwero. Tsatani mseu waukulu wa ku Lusaka. Ku Katete, kufupi ndi Mkaika kwa Kalonga Gawa Undi, Buku Loyera lili pakwao, ndipo agogo amalimva ngati mnzao wa pa mphasa. Mukafika ku Petauke ndi ku Nyimba, cilankhulo ca panyumba ndi Cinsenga, ndipo Cinyanja ca m'buku, ngakhale cophweka, ndi ca kusukulu. N'cifukwa cake Ansenga anakondwera pamene Cipangano Catsopano ca m'cilankhulo cao cinatuluka m'caka ca 2016. Mukaoloka mlatho wa Luangwa n'kufika mu Lusaka, mupeza Cinyanja cina, ca ku Matero, ku Chawama ndi ku Kanyama, cosakanizika ndi Cinsenga, Cibemba ndi Cingerezi. Mwana wobadwira kumeneko amati Buku Loyera ndi Cicewa cozama, monga momwe atate ake ankanenera za Buku Lopatulika. Ambiri amathawira ku Baibulo la Cingerezi, limene amaliwerenga bwino koma osalimva mpaka pansi.

M'miphakati ya mu Lusaka anthu apeza njira yao. Mmodzi amawerenga ndime m'Buku Loyera monga momwe yalembedwera, mwaulemu, onse ali cete. Kenaka wotsogolera amapempha mnyamata kapena mtsikana kuti anene ndime yomweyo m'mau ake a tsiku ndi tsiku. Pamakhala kuseka, cifukwa Afarisi ndi okhometsa msonkho amatuluka atavala mau a pa siteshoni ya mabasi. Wina wacikulire amakonza pamene mwanayo wapotoza, wina amatsegula Malembo Oyera kuti aone ngati akugwirizana, ndipo nthawi zina ndime imodzi imatha ola lathunthu anthu asanafike pa zopereka ndi zolengeza.